Kukhala wofufuza pa sayansi ya data, uinjiniya ndi luso lamakono: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amafunsidwa kawirikawiri ndi achinyamata amene akumaliza digiri yoyamba, komanso ndi ena amene agwirako ntchito zaka zingapo koma mtima ukuwakokera ku kafukufuku. Mayankho ake alembedwa poganizira munthu amene akuyambira kuno ku Malawi, ngakhale ulendo wake ungadzadutse ku Kigali, Cape Town kapena Oslo.

Kodi wofufuza wa pa yunivesite amagwira ntchito yanji kwenikweni?

Amatenga funso limene palibe adaliyankhapo bwino, n'kupeza njira yoliyankhira, kenako n'kulemba zimene wapeza kuti akatswiri anzake aziunike. Phata la ntchitoyi ndi limeneli. Koma pamwamba pake amaphunzitsa, amachonga mayeso, amayang'anira ophunzira amene akulemba mapulojekiti, amakhala m'misonkhano ya dipatimenti, ndiponso amalemba makalata opempha ndalama za kafukufuku, ambiri mwa iwo n'kukanidwa. M'mayunivesite athu aphunzitsi ndi ochepa pamene ophunzira ndi ambiri, choncho kalasi imadya tsiku lonse, kafukufuku n'kutsalira usiku, Loweruka kapena nthawi ya holide.

Kafukufuku mwiniwakeyo amafuna kudekha. Wa sayansi ya data amene wapatsidwa kaundula wa zipatala za boma limodzi amatha milungu akungokonza zolakwika: mudzi umodzi walembedwa m'njira zitatu, tsiku lobadwa la mwana likuoneka kuti linafika iye atakwera kale sikelo, mwezi wina mulibe kanthu chifukwa buku linanyowa kapena kalaliki adasamutsidwa. Injiniya woyeza kulimba kwa konkire amaumba timabuloko, kudikira masiku 28, kutiphwanya pa makina, kulemba manambala, n'kuyambiranso ndi mchenga wina. Ngati mungapirire zimenezi chifukwa yankho likukusowetsani tulo, ntchitoyi ndi yanu.

Ndili ku sekondale kapena chaka choyamba. Ndisankhe maphunziro ati, ndipo kuti?

Gwirani masamu ndi manja awiri. Zinenero za kompyuta monga Python ndi R mungaziphunzire pa miyezi ingapo, ndipo zimasinthasintha, koma calculus, linear algebra ndi probability n'zimene zidzakunyamuleni zaka zonse.

Uinjiniya umaphunzitsidwa ku MUBAS ku Blantyre, imene inali Polytechnic isanapatuke ku University of Malawi mu 2021, komanso ku MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, imene idalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Ku UNIMA ku Zomba kuli masamu, statistics ndi sayansi ya kompyuta. Mzuzu University ili ndi ICT ndi maphunziro a magetsi a dzuwa ndi mphepo, ndipo ku LUANAR kuli uinjiniya wa zaulimi ndi ulimi wothirira. Kulikonse kumene mungapite, samalani magiredi kuyambira chaka choyamba, chifukwa opereka sikolashipi amayang'ana zaka zonse, osati chomaliza chokha. Pulojekiti ya chaka chomaliza musaipeputse. Ndi kafukufuku wanu woyamba, ndipo mphunzitsi amene adzakuyang'anireni ndi yemweyo adzakulembereni kalata ya umboni mukadzafuna masitazi.

Digiri yanga si ya kompyuta. Khomo latsekeka?

Ayi. Ambiri mwa akatswiri a data adayambira ku statistics, physics, zachuma, zaulimi kapena zaumoyo. Munthu wodziwa bwino mmene chimanga chimakulira, akaphunzira kupanga mapulogalamu, amafunsa mafunso anzeru kuposa wodziwa mapulogalamu okha amene sadaonepo ntchemberezandonda. Chofunika n'kudzaza mpata wa masamu, ndi kukhala ndi ntchito yooneka imene mwachita nokha. Ku uinjiniya nkhani ndi ina: kumeneko digiri yoyamba ya uinjiniya kapena ya sayansi yoyandikana nayo imafunika ndithu.

Kodi PhD ndi yofunika, kapena masitazi akwana?

Kuno kwathu munthu angathe kulembedwa ntchito ya ulekichala ali ndi masitazi, ndipo mayunivesite amatenganso ena amene adakhoza bwino kwambiri pa digiri yoyamba kuti aziphunzira ntchito m'dipatimenti. Koma kuti mukwere kufika pa senior lecturer, associate professor mpaka pulofesa, amayang'ana mapepala amene mwasindikiza, ndipo popanda PhD njira imapanikiza. Opereka ndalama ambiri salolanso munthu wopanda PhD kutsogolera kafukufuku.

PhD si kalasi ina yoonjezera. Ndi nthawi imene munthu amaphunzira kuyima payekha: kusankha funso, kulephera, kusintha njira, mpaka kupeza chinthu chatsopano. Ku Britain ndi ku South Africa imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ku America zisanu kapena zisanu ndi chimodzi chifukwa amayamba ndi makalasi. Ngati chimene mukufuna ndi malipiro abwino ku banki kapena ku kampani ya mafoni, masitazi ndi luso lenileni zikukwanirani, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Kulowa PhD pofuna kungotchedwa Dokotala kumafooketsa munthu chaka chachiwiri chisanathe.

Ndiphunzire kuno kapena kunja?

Zimadalira funso lanu ndi amene angakutsogolereni. Ngati kafukufuku wanu akufuna labotale ya zipangizo zodula, monga yoyezera zitsulo kapena yopangira timabodi ta magetsi, kunja kuli mwayi woonekeratu. Ngati akufuna data ya zaumoyo kapena zaulimi ya kuno, kukhala pafupi ndi kumene data imachokera n'kopindulitsa kwambiri.

Kunja sikutanthauza ku Ulaya kokha. AIMS (African Institute for Mathematical Sciences), sukulu ya masamu imene wasayansi Neil Turok adayambitsa ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town mu 2003, ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, ndipo imapereka masitazi a masamu a chaka chimodzi, zonse zolipiridwa. Mu 2018 idatsegula ku Kigali masitazi a machine learning (luso lophunzitsa kompyuta kuchokera ku data) otchedwa AMMI. Mumzinda womwewo muli Carnegie Mellon University Africa, ndiponso University of Rwanda ili ndi malo ophunzitsira sayansi ya data amene adakhazikitsidwa ndi thandizo la World Bank. Ku South Africa kuli Cape Town, Stellenbosch, Wits ndi Pretoria, kumene Amalawi ambiri adutsako.

Pali njira ina imene ine ndimaikonda koposa zonse: kulembetsa ku yunivesite imodzi, kukhala ndi masupavayiza awiri, wina kuno wina kunja, n'kumagawa nthawi pakati pa malo awiriwo. Munthu amapeza labotale ndi mabuku a kunja osataya mizu ya kuno, ndipo akamaliza sabwerera ngati mlendo.

Nanga ndalama zichokera kuti?

Musadzilipirire PhD ya uinjiniya kapena ya data ngati pali njira ina. Kumene ntchito yanu ikufunika, ndalama zimapezeka.

Pa masitazi pali Chevening, imene imafuna kuti mukhale mutagwirako ntchito zaka ziwiri ndipo mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Palinso Commonwealth, Fulbright, DAAD ya ku Germany, Mastercard Foundation, ndi Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Pa PhD onaninso RSIF, thumba limene limayendetsedwa ndi icipe, bungwe la kafukufuku la ku Nairobi, lomwe limathandiza maphunziro a data, magetsi, migodi, nyengo ndi chakudya m'mayunivesite a mu Africa. Ku Norway, Sweden, Denmark ndi Netherlands wophunzira wa PhD nthawi zambiri amalembedwa ngati wantchito, amalandira malipiro, ndipo malowo amalengezedwa ngati ntchito ina iliyonse. Ambiri sadziwa zimenezi, amangodikira sikolashipi zotchuka zimene aliyense akulimbirana.

Ngati yunivesite yanu ikukutumizani ku sukulu ikukulipiranibe, mudzasaina pangano loti mudzabwerera kudzagwira ntchito zaka zingapo. Liwerengeni bwino musanasaine. Ndipo kukanidwa chaka choyamba n'kofala, konzani kalatayo mutumizenso.

Supavayiza wabwino ndimudziwa bwanji?

Funso ili ndi lalikulu kuposa la dzina la yunivesite. Zaka zitatu kapena zisanu za moyo wanu zidzakhala m'manja mwa munthu mmodzi. Iye ndiye adzawerenge machaputala anu kapena kuwasiya m'dirowa miyezi isanu ndi umodzi, adzakutumizeni ku misonkhano kapena kukuiwalani, adzakutchuleni kwa anzake ntchito ikapezeka.

Tsegulani Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzira mapepala a kafukufuku, muone mapepala ake a zaka zisanu zapitazi. Kodi ophunzira ake amakhala oyamba pa mndandanda wa olemba, kapena dzina lake lokha ndilo limatsogola? Ndi angati adamaliza, ndipo ali kuti tsopano? Kenako lemberani mmodzi kapena awiri mwa ophunzira akewo, muwafunse mosapita m'mbali: amakumana nanu kangati, amabweza ntchito patapita nthawi yaitali bwanji, zinthu zikavuta amatani. Amene adavutika sabisa. Pulofesa wotchuka kwambiri nthawi zina sapezeka n'komwe, pamene lekichala wachinyamata amene akumanga dzina lake amakhala nanu pa tebulo mlungu uliwonse.

Mukamulembera kalata yoyamba, ikhale yaifupi. Tchulani pepala lake limodzi limene mwaliwerengadi, nenani chimene chakukhudzani, funso limene muli nalo, ndi luso limene mukubweretsa. Kalata yotumizidwa kwa mapulofesa makumi asanu nthawi imodzi imadziwika pa mzere woyamba, ndipo siyankhidwa.

Kodi ku Malawi kuli zofufuza zimene dziko lingazione kuti n'zofunika?

Zilipo zambiri kuposa anthu ozifufuza.

Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wotchedwa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pamenepo pali mafunso a injiniya wa madzi, wa zomangamanga, wa magetsi ndi wa data: matope ndi zinyalala zimayenda bwanji mumtsinjewo, damu lingamangidwe bwanji kuti lipirire madzi otero, magetsi a dzuwa angalumikizidwe bwanji ku gridi yaing'ono osaigwedeza. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo ndi matope ndi miyala zotsika m'mapiri monga la Soche. Mapu osonyeza malo amene nthaka ingagumuke, ndi njira zochenjezera anthu nthawi isanathe, ndi ntchito ya ofufuza. Zida zojambulira kuchokera m'mwamba si zachilendonso kuno: ku Kasungu kudatsegulidwa malo oyesera ma drone mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa mu 2020.

Chitsanzo chimene ndimafuna wophunzira aliyense wa uinjiniya achidziwe ndi makina a Pumani. Ana obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma, ndipo makina owathandiza a kunja anali odula kwambiri. Ophunzira ndi aphunzitsi a ku Rice University ku America, pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth Central Hospital, adapanga makina otsika mtengo amene poyamba ankagwiritsa ntchito timapampu ta m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba, mpweya n'kumatulukira m'botolo la madzi. Adawayesa mu wodi, kuwerenga ana amene adapulumuka, kusindikiza zotsatira, ndipo makinawo adafalikira m'zipatala za boma. Funso lidachokera mu wodi ya ku Blantyre, koma yankho lidathandiza maiko ena.

Chinenero chathu nachonso chikudikira. Makompyuta amamva Chingelezi bwino chifukwa adaphunzitsidwa ndi zolemba zambirimbiri, pamene Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe zili ndi zochepa. Gulu la Masakhane, limene lidayamba mu 2019, limasonkhanitsa ofufuza a mu Africa pa ntchito imeneyi, ndipo aliyense angalowe. Pa Zindi, tsamba la pa intaneti la mipikisano ya data, padachitikapo mpikisano wophunzitsa kompyuta kugawa nkhani za m'nyuzipepala za Chichewa m'magulu. Amene amalankhula chinenerocho ndiye amazindikira msanga kompyuta ikanama.

Ndimamva kuti ofufuza a kuno amangokhala otolera data, ena n'kukalemba mapepala. N'zoona?

Zimachitika, ndipo n'zimene zimandipweteka mtima kwambiri pa ntchitoyi. Mnyamata kapena mtsikana wanzeru amayenda m'midzi ndi tabuleti, amamasulira mafunso, amakonza data, koma kusanthula ndi kulemba kumachitikira kutali, iye n'kungothokozedwa kumapeto kwa pepala. Zaka zisanu zimatha ali ndi ma alawansi koma alibe pepala ngakhale limodzi la dzina lake, ndipo popanda pepala palibe PhD, palibe kukwera.

Malawi ali ndi chuma cha data chimene maiko ambiri alibe. Ku Chilumba m'boma la Karonga anthu akhala akutsatiridwa pa zaumoyo kuyambira 1979, ntchito imene lero ili m'manja mwa bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la MEIRU. Malawi-Liverpool-Wellcome Programme yakhala ikufufuza ku Blantyre kuyambira 1995. National Statistical Office ku Zomba ili ndi kalembera wa 2018, amene adapeza anthu 17.5 miliyoni, ndi kafukufuku wa mabanja wa zaka zosiyanasiyana. Zipatala zimatumiza malipoti awo kudzera mu pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa DHIS2. Mabungwe ngati amenewa aphunzitsa Amalawi ambiri mpaka PhD, choncho khomo lilipo. Chimene chikusowa ndi anthu okwanira odziwa kusanthula, ndi kulimba mtima kopempha mpando pa tebulo.

Mukalowa mu pulojekiti iliyonse, funsani tsiku loyamba, osati lomaliza: ndani adzasanthule, ndani adzalembe, dzina langa lidzakhala pati, kodi ndingatenge gawo limodzi la data n'kulembapo pepala langa ine ndili patsogolo? Funsani mwaulemu, koma mayankho alembedwe. Malamulo a magazini ambiri a sayansi amati wolemba ndi amene wathandiza kupanga, kutolera kapena kusanthula, ndiponso watengako mbali polemba ndi kuvomereza pepalalo. Ndiye musakane mukapatsidwa gawo lolemba, ngakhale Chingelezi chikuopseni. Ndipo phunzirani kusanthula nokha, chifukwa amene wagwira code, malangizo olembedwa oyendetsera kompyuta, ndi amene amadziwa chimene data ikunena.

Kusindikiza pepala kumayenda bwanji?

Mumatumiza ku journal, magazini ya sayansi, mkonzi amapereka kwa akatswiri awiri kapena atatu amene simuwadziwa, iwo amalikana kapena kupempha kuti mukonze. Zimatenga miyezi, nthawi zina chaka. Pa sayansi ya kompyuta misonkhano ikuluikulu monga NeurIPS, ICML ndi ACL imalemekezedwa mofanana ndi ma journal, mwinanso kuposa. Vuto lake ndi viza ndi tikiti: ofufuza ambiri a mu Africa adakanizidwa viza ya ku Canada pa NeurIPS ya 2018 ndi 2019. N'chifukwa chake zinali zazikulu kuti ICLR ichitikire ku Kigali mu 2023, ndipo Deep Learning Indaba, imene idayambira ku Johannesburg mu 2017, ndi Data Science Africa, imene idayambira ku Nyeri ku Kenya mu 2015, ndi malo abwino oyambira.

Chenjerani ndi ma journal achinyengo. Amakutumizirani imelo yokutamandani, kukutchani pulofesa musanamalize n'komwe masitazi, n'kulonjeza kusindikiza pa mlungu umodzi mukalipira madola. Pepala lolowa mmenemo latayika, ndipo limadetsa CV yanu. Onani ngati journal ili mu DOAJ kapena Scopus, mindandanda ya ma journal ounikidwa, funsaninso a ku laibulale. Ma journal enieni ambiri amene amalipiritsa amachotsera kapena kukhululukira olemba a ku maiko ngati Malawi mukapempha.

Ndilibe kompyuta yamphamvu, magetsi ndi intaneti n'zosadalirika. Ndingathe?

Pa data, laputopu wamba imakwanira ntchito zambiri, ndipo zolemera mungaziyendetse kwaulere pa makompyuta a pa intaneti a Google Colab kapena Kaggle. Mapepala ambiri ali pa tsamba laulere la arXiv, ena mungawapeze kudzera mu Research4Life ku laibulale ya yunivesite, ndipo bungwe la MAREN limalumikiza masukulu a ukachenjede ku intaneti ya kafukufuku. Sungani ntchito yanu malo awiri kapena atatu, code ikhale pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo code.

A uinjiniya ndiwo amavutika zenizeni. Sensa yaing'ono imene mnzanu wa kunja amaiitanitsa lero n'kufika mawa, inu mumaidikira miyezi, mukusaka ndalama zakunja ndi kulimbana ndi za msonkho. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti zolembedwa m'makwacha zidafota tsiku limodzi. Polemba bajeti ikanimo zosinthira zikawonongeka, ndipo pangani ubale ndi labotale ina imene ingakuyezereni zimene simungathe kuno.

Ndikufunika chilolezo?

Ngati kafukufuku akukhudza anthu kapena mbiri zawo, inde, musanayambe. Za umoyo zimapita ku makomiti ounika kafukufuku a NHSRC kapena COMREC, zina ku komiti ya National Commission for Science and Technology kapena ya yunivesite yanu. Kuyambira 2024 tilinso ndi lamulo loteteza mbiri za anthu. Kuchotsa mayina kokha sikukwanira: m'mudzi waung'ono, zaka, matenda ndi malo a nyumba zimaulula munthu.

Kodi ntchitoyi imalipira?

Imadyetsa banja, koma silemeretsa. Mnzanu wa kalasi imodzi amene adapita ku banki kapena ku bungwe la kunja mwina adzamanga nyumba inu musanagule puloti, ndipo achibale adzafunsa kuti sukuluyo idzatha liti. Malekichala ambiri amaonjezera ndi ma consultancy. Si zoipa, koma zikachuluka zimameza kafukufuku, munthu n'kupezeka zaka khumi zadutsa akulemba malipoti a ena amene palibe adzawawerenge. Sankhani ma consultancy amene angabale pepala kapena kulipirira wophunzira wanu.

Ndine mayi, ndili ndi ana. Ndingakwanitse?

Ambiri akwanitsa, ngakhale katundu wawo amalemera kuposa wa abambo. Pali thandizo la amayi okha: OWSD, bungwe la amayi asayansi a m'maiko osauka, imalipirira PhD, Schlumberger Foundation ili ndi Faculty for the Future ya amayi a sayansi ndi uinjiniya, ndipo L'Oréal ndi UNESCO amapereka mphoto kwa ofufuza achitsikana a kum'mwera kwa Sahara. Musanavomere malo, funsani ngati sikolashipi ikuphatikiza banja, ndi zimene zimachitika mukakhala ndi pakati. Dziwaninso kuti kuyambira Januwale 2024 Britain salola ophunzira ambiri a masitazi a m'kalasi kutenga mabanja awo, koma a PhD amaloledwa. Kambiranani ndi a kunyumba kwanu poyera za amene adzasamale ana, nkhaniyi isadzatulukire pa bwalo la ndege.

Ndikamaliza PhD kunja, ndibwerere nthawi yomweyo?

Ngati pangano lanu likulola, chaka chimodzi kapena ziwiri za postdoc, ntchito ya kafukufuku ya munthu amene wangomaliza PhD, zimathandiza: mumatulutsa mapepala otsala, mumaphunzira kulemba zopempha ndalama, mumadziwana ndi anthu ambiri. Ena amakhazikika kunja, ndipo sindiwaweruza, makamaka akamayang'anira ophunzira a kuno ndi kutsegulira anzawo makomo.

Kwa obwerera, zaka ziwiri zoyamba ndi zoopsa. Mudzapatsidwa makalasi akuluakulu, mwinanso udindo woyang'anira dipatimenti chifukwa ndinu mmodzi mwa ochepa a PhD, ndipo kafukufuku angafere pomwepo. Konzekani musanakwere ndege. Gwirizanani ndi supavayiza wanu pulojekiti imodzi imene mudzapitirize limodzi, ndipo tumizani pempho la ndalama musanachoke, kaya ku TWAS, bungwe lothandiza asayansi a m'maiko osauka, ku bungwe la ku Britain la Wellcome ngati ntchito yanu ikukhudza umoyo, ku Science for Africa Foundation, kapena ku National Commission for Science and Technology ikalengeza. Mukafika, pemphani a dipatimenti akupatseni tsiku limodzi pa mlungu lopanda kalasi, sankhani ophunzira awiri kapena atatu akhama a chaka chomaliza, muwapatse zidutswa za funso lanu, ndipo pepala likatuluka mayina awo akhalepo.